Koleji Imene Anasankha Azakhali

Pali nkhani imene Fololeni sanauzepo munthu, ngakhale mayi ake omubala. Tsiku lina, mayeso omaliza asanayambe, anavala yunifomu ngati akupita kusukulu, koma atafika pa siteshoni ya Mount Druitt anakwera sitima yolowera kwina. Anasintha sitima m'tauni n'kupita kumpoto, ku yunivesite ina ya m'mbali mwa nyanja, atakumbatira chikwama cha zojambula zake ngati mwana wodwala. Kumeneko aphunzitsi awiri anamufunsa mafunso, iye n'kumayankha akuyang'ana nsapato zake. Zotsatira za mayeso zitatuluka, uthenga unalowa pafoni: amupatsa malo oti akaphunzire zojambula mapulani a nyumba. Anauwerengera m'bafa, atatsegula mpopi kuti asamveke kuti akulira. A ku yunivesitewo yankho ankalifuna pofika Lolemba, apo ayi malowo apatsa wina.

Tsono linali Loweruka, ndipo Lowerukalo ndi limene azakhali ake, a Siutaisa, anakonza phwando lolengezera sukulu ina.

Kwa ife a ku zilumba za Tonga, kaya tili kwathu ku Vava'u kaya kuno ku Sydney, mlongo wa bambo ako ndiye mwini mawu. A Siutaisa ndiwo anamupatsa Fololeni dzina. Bambo ake, a Penisimani, chimunthu chimene chimathira konkire tsiku lonse osadandaula msana, ankati achemwali awowo akalowa m'nyumba, ankatsika pampando n'kukhala pansi. Ndiye pamene azakhali ananena kuti mwanayu akufuna zojambula nyumba, chabwino, apita ku koleji imene amagwirako ntchito Kelepi, nkhani inathera pomwepo. Kelepi anali mwana woyamba wa azakhaliwo. Kolejiyo inali pafupi, pamwamba pa shopu ya mafoni, moti mtsikana akanamagona pakhomo ndi kumaimba kwaya Lachitatu monga mwa masiku onse.

Poyamba Fololeni naye anakondwa. Chinamusokoneza ndi Fuatino, mtsikana wa ku Samoa amene ankawaphunzitsa mpira wamanja. Anamupeza mu shopu yaikulu ya zipangizo zomangira, atavala epuloni, akujambulira agogo ena makabati a kukhitchini pa kompyuta. Fololeni atatchula dzina la koleji ija, Fuatino anaseka kuseka kosakoma.

"Ukundiona pano? Ndinamaliza komweko ine. Chisoti ndinavala, zithunzi tinajambulitsa, nkhumba zinafa. Nditapita ku yunivesite kuti ndichite digiri yachiwiri, anandiuza kuti pepala langa sakulidziwa, ndiyambire chaka choyamba. Bungwe la akatswiri a mapulani silinaivomereze sukulu imeneyo, mwana iwe. Popanda chilolezo chawo sungalembedwe m'kaundula, sungadzitchule katswiri, pena pake n'kukuimba mlandu. Uzingojambulira ena, iwo n'kumasaina."

Kenako anatembenukira kwa agogo aja n'kuwafunsa ngati akufuna zogwirira zasiliva kapena zakuda.

Fololeni anakayang'ana yekha mndandanda wa sukulu zovomerezeka. Anauyang'ana kangapo, mwina poganiza kuti dzina lingatulukire. Silinatulukire. Ndiye chifukwa chake anakwera sitima ija.

M'mawa wa phwando kunacha ndi dzuwa la Januwale, lija limasungunula phula pamsewu. Galaja anali ataitsegula mbali zonse. M'galaja imeneyo simunagonepo galimoto. Ndimo azibambo ankamwera kava, chakumwa cha kwathu, ndimo ankaphunzirira nyimbo, ndimo munakhala anthu pa maliro a agogo. Fololeni ankayala mikeka ndi mayi ake, a Lupe, kuyambira kumtunda kumene kukakhale azakhali ndi abusa, kutsikira kukhomo.

Galaja yomweyi ndiyo Fololeni anaijambula pa mapepala a m'chikwama chija. Mmodzi wa aphunzitsi a ku yunivesite aja, wa imvi, anaiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, galimoto ili kuti, nanga kakhomo ka kumbuyoka n'kachiyani? Iye anayankha motsitsa mawu kuti n'koti wonyamula mbale azituluka osadutsa pamaso pa akuluakulu, chifukwa panopa amachita kukwawa. Mphunzitsiyo anavula magalasi n'kunena kuti, "Tandiuze zambiri." Chibadwire, palibe munthu wamkulu anali atamuuzapo mawu amenewo.

"Iwe, mkekawo wapotoka," anatero a Lupe. "Ndiwe wa mapulani iwe? Nyumba zako zizidzagwera anthu."

"Amayi."

"Kokera kuno. Ayi, kwa ine kuno."

"Amayi, munthu akalengeza chinthu pamaso pa abusa, kenako n'kupezeka kuti chalakwika, zimatheka kusintha?"

A Lupe anaweramuka, dzanja lili m'chiuno, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka pamimba.

"Uli ndi pakati?"

"Ayi, amayi! Ee!"

"Ndiye usandiopseze, mtima wanga ndi wakale. Chalakwika n'chiyani?"

Fololeni anatsegula pakamwa kuti anene. Koma a Lupe anali atayamba kale kuyang'ana kumsewu, kumene kunkaima galimoto ya amayi a kwaya ndi mabeseni awo.

"Tamvera, Leni," anatero mothamanga, motsitsa mawu. "Ngati ndi za sukulu, ine usandilowetsemo. Ine pano ndinangokwatiwapo. Azakhali ako aitana mpingo wonse, agula nkhumba, auza ndi a ku Vava'u omwe pafoni. Akayankhula lero, ayankhula. Iwe umwetulire, uthokoze, basi. Pita ukawapatse madzi abambo ako asanakomoke."

Kuseri kwa nyumba utsi unali tolo. Azibambo anali atakumba dzenje lophikiramo, limene timati umu, pafupi ndi mpanda, miyala itapsa kuti psuu, ndipo ankasanjapo zilazi, chinangwa ndi nyama yokulunga m'masamba a koko. Cha pambali anyamata ankazunguza nkhumba pamoto, akutsutsana za ragibe. A Penisimani analandira botolo, namwa theka, theka lina n'kudzithira kumutu.

"Abwana afika!" anakuwa mnzawo wina wa kuntchito, a Maka, amene anali ndi dzino lagolide. "Vulani zipewa, anyamata. Mawa lino azidzatiuza kuti gumulani, khoma lapendama."

"Adzayambira iweyo," anatero a Penisimani. "Makoma ako onse amayenda ngati oledzera."

"Ine ndimamanga zimene ajambula. Akajambula ataledzera, nditani?"

Anthu anaseka. A Penisimani anamukokera mwana wawo pamthunzi wa mtengo wa mandimu. Sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo Fololeni anatengera iwowo. Ankatha kukhala awiri m'galimoto ulendo wonse osayankhulana, onse n'kutsika atakhutira.

"Ukudziwa," anatero akupukuta nkhope ndi malaya, "kuntchito kwathu pepala la mapulani limakhala ndi kabokosi pakona. Muli dzina la munthu. Konkire ikhoza kufika, galimoto n'kumazungulira pamenepo, koma ngati mwini dzina uja sanavomere, tonse timakhala pansi. Ndi kapitawo yemwe. Zaka zonsezi ndimawerenga mayina a m'kabokosimo. Sindinaonemo la kwathu."

Anamugwira paphewa ndi dzanja lokhakhala, kamodzi kokha, n'kubwerera ku moto.

Fololeni anaima pomwepo botolo lili m'manja. Akanangonena kuti, ababa, ku koleji imeneyo dzina langa silidzalowa m'kabokosi. Mawu ochepa chabe. Koma akanawasenzetsa chiyani? Bambo ake sakanatha kutsutsa achemwali awo. Akanangokhala pansi m'galaja muja akudziwa, n'kumawomba m'manja akudziwa. Anaona kuti bola asadziwe.

Foni inali m'thumba la siketi. Ankangoigwiragwira, ngati kuti malo aja angathawemo.

Kelepi anafika dzuwa litakwera, ndi galimoto yodzaza mipando ya kutchalitchi. Anali atavala malaya oyera ositidwa bwino, chingwe cha khadi la kuntchito chili m'khosi ngakhale linali Loweruka. Kwathu mwana wa azakhali ako ndi mlongo wako, ndipo mlongo sukhala naye pawiri m'chipinda, suseka naye zopusa, sumuyang'anitsa. Choncho Fololeni anaima mbali ina ya galimoto, poyera, n'kumalandira mipando maso ali kumbali.

"Wophunzira wathu," anatero Kelepi. "Lolemba ubwere m'mawa, ndidzakulowetsa pamzere wa kutsogolo. Ena amadikira mpaka masana, koma iwe uli ndi munthu m'kati."

"Zikomo, achimwene."

Analandira mpando wina.

"Achimwene, ndifunse nawo. Kolejiyi ili pa mndandanda wa bungwe lija?"

Mpando umene Kelepi ananyamula unaima m'malere.

"Bungwe liti?"

"La akatswiri a mapulani. Lovomereza sukulu."

"Wakuuza ndani zimenezo?"

"Ndangofunsa."

"Zili m'njira," anatero Kelepi, mawu atasanduka a mu ofesi. "Mapepala anapita. Pofika chaka chako chomaliza zidzakhala zitatheka. Zinthu izi zimatenga nthawi, si kugula buledi."

"Fuatino anamuuzanso choncho."

Fololeni sanadziwe kuti mawuwo atuluka bwanji. Kelepi anatsitsa mpando pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana kugalaja, anayang'ana kumsewu, kenako anayankhula akuyang'ana tayala.

"Tamvera, Leni. Ine sindinanamize munthu. Chikalata chathu chimati maphunziro a kapangidwe ka nyumba. Sichinena kuti udzakhala katswiri wolembedwa. Aliyense amawerenga yekha."

"Azakhali anawerenga?"

"Amayi amadziwa kuti mwana wawo amagwira ntchito ku koleji, amavala taye, sanyamula mabokosi ku fakitale ngati kale. Ukufuna uwalande zimenezo? Lero? Pamaso pa abusa?" Anatsitsa mawu. "Chaka chino ndalembetsa ana ochepa. Abwana andiitana kale kawiri. Ukapanda kubwera iwe, wachibale, amene ndinawalonjeza, ndiye kuti ine basi. Ndili ndi khanda kunyumba, ukudziwa."

Fololeni ankayembekeza kuti amukalipira. Akanakalipa zikanaphweka. Koma munthuyo thukuta linali litamera pamphuno, ndipo chala chake chinkangopota chingwe cha khadi chija.

"Udzaphunzira ndithu," anapitiriza. "Makompyuta alipo, aphunzitsi ena ndi abwino. Ntchito udzapeza, anthu ojambula amafunika. Kodi dzina lokhalo ndiye n'chiyani? Chaka chimodzi chokha, ukaona kuti sizikuyenda udzasintha mwakachetechete. Palibe adzachite manyazi."

Chaka chimodzi. Malo a kumpoto sakanamudikira chaka. Ndiponso iye ankadzidziwa. Munthu amene walephera kuyankhula lero, chaka chamawa adzayankhula bwanji, azakhali atalipira kale, mpingo utazolowera kale?

"Ndamva, achimwene," anatero, n'kunyamula mipando iwiri kupita nayo kugalaja.

Azakhali anafika masana. Galimoto isanaime n'komwe, phokoso la pabwalo linatsika lokha. Anatuluka pang'onopang'ono, mayi wamtali wa tsitsi loyera lomangidwa pamwamba, chokupizira mphepo chili m'manja. Ana anathamangira kukawapsompsona patsaya. Anayendera matebulo ngati woyendera asilikali, anakweza chivundikiro apa, analawa apo, mpaka anafika pa otai, chakumwa cha mavwende ndi kokonati.

"Otai uyu wapanga ndani? Mavwende ake mwachita kuwaonetsa patali? Lupe, wonjezera kokonati. Penisimani!"

"Wawa, achemwali."

"Nkhumba ija khutu lapserera."

"Ndi mphepo, achemwali."

"Mphepo ndiyo ikuzunguza? Ukalamba liti iwe?"

Amayi a kwaya anaseka m'manja. A Penisimani anaseka nawo, mutu uli pansi. Abusa atafika, azakhali anawalandira pakhomo la galaja, ndipo Fololeni, amene ankadutsa chowerama ndi jagi, anamva zonse.

"Abusa, holo ya mpingo ija tisavutikenso ndi kulipira azungu. Ndikamayankhula lero ndinena. Mwana wanga uyu akamaliza, adzatijambulira yekha, adzasaina yekha. Ndikumupereka kwa mpingo."

"Ambuye adalitse," anatero abusa. "Komiti imva lero lomwe. Tidikira."

Jagi inagwedezeka, otai n'kudonthera pamkeka. Fololeni anapukuta ndi m'mphepete mwa siketi msangamsanga. Tsono sinalinso nkhani ya iye yekha. Mpingo wonse ukanadikira zaka, ukusonkha ndi kuphika ndi kuvina kuti upeze za holo, kudikira siginecha imene sikanabwera. Ndipo tsiku lodzadziwika zoona, manyazi akanagwera azakhali omwewo amene aliyense ankawateteza lero.

Anathawira m'bafa, natseka chitseko. Anatulutsa foni, natsegula uthenga uja. Panali malo ongodina kuti ndavomera. Chala chinaima pamwamba pake. Akanatha kudina, kukhala phee, kudya phwando, kenako tsiku lina n'kungosowa ndi chikwama. Ena amatero. Koma ankawadziwanso amene anatero: pa maliro amaima panja pa mpanda, ndipo mayi awo amayankha mafunso kutchalitchi moyo wonse. Iye sankafuna kuthawa kwawo. Ankafuna kupita kusukulu, n'kumabwera pa holide, n'kumayala mikeka m'galaja.

Chitseko chinagogodwa.

"Leni! Wagweramo?" Anali mayi ake. "Azakhali ako akukudikira kuchipinda. Akuti akuveke okha."

M'chipinda cha makolo ake makatani anali otseka, fani ikuzungulira mwaulesi. Pabedi panali mkeka wovala m'chiuno, umene timati ta'ovala. Sunali ngati ya masiku onse ija. Unali wakale, wofewa ngati nsalu, wofiirira chifukwa cha zaka, m'mphepete mwake mutayamba kunyenyeka. Azakhali anauza amayi awiri amene anawaperekeza kuti adikire pakhonde, n'kutseka chitseko.

"Uwu anauluka agogo a abambo ako," anatero. "Ine ndinauvala pa ukwati wanga. Sunatulukepo m'sutikesi chibwerereni kuno. Kweza manja."

Fololeni anakweza manja. Azakhali anamuzunguliza mkeka, nayandikira mpaka tsitsi lawo linamukhudza chibwano. Ankanunkhira mafuta a kokonati ndi mankhwala opaka m'mawondo. Chikhalire, Fololeni anali asanakhalepo nawo awiriwiri chonchi. Panja kwaya inayamba kuyesa mawu, azibambo pansi, azimayi pamwamba.

"Waonda. Sukudya? Mtsikana wa mapulani azioneka kuti kwawo kuli chakudya." Anakoka mkeka, nauwongola kumbuyo. "Ine ndinkafuna kukhala namwino, ukudziwa? Sukulu inandiitana ku Nuku'alofa. Azakhali anga anati ayi, ukasamale agogo ako. Ndinapita kukasamala agogo. Sindinafunse." Anatenga chingwe choluka, nayamba kuchizunguliza m'chiuno. "Ndiye ndinati ana a mlongo wanga, amene adzafune sukulu, ndidzamukankha ndi manja awiri. Puma m'kati."

Chingwe chinathina. Chinazungulira kamodzi, n'kubweranso. Chikamangidwa mfundo, akanatuluka, kwaya ikanaimba, azakhali akanaimirira pamaso pa abusa.

"Azakhali."

"Usagwedezeke."

"Azakhali, kolejiyo si yovomerezeka."

Anayankhula motsitsa kwambiri moti fani inameza theka la mawuwo. Manja a azakhali sanaime.

"Ukuyankhula ndi mkeka kapena ndi ine? Ndinakupatsa dzina la munthu, osati la mbewa. Kweza mutu."

Anakweza mutu. Anali asanawayang'anepo m'maso pafupi chonchi. Maso awo anali ofiira m'mbali, otopa, ndipo ankadikira.

"Koleji ya achimwene a Kelepi, bungwe la akatswiri a mapulani silinaivomereze. Ndikamaliza kumeneko sindingalembedwe m'kaundula. Holo ya mpingo sindingadzasaine. Ndikhoza kudzangojambula, koma dzina lidzakhala la munthu wina."

Apo manja anaima. Nsonga ziwiri za chingwe zinali m'zala zawo, zosamanga.

"Wanena chiyani?"

"Ndinafufuza, azakhali. Pali mndandanda wa boma. Palibepo."

"Mwana wanga amagwira ntchito kumeneko."

"Eya."

"Ndiye ukuti mwana wanga ndi wabodza? M'nyumba ya mlongo wanga, utavala mkeka wa agogo anga?"

"Sindinatero, azakhali."

"Kelepi akudziwa zimenezi?"

Fololeni anaona thukuta lija pamphuno, chala chija chikupota chingwe cha khadi. Anaonanso Fuatino ndi epuloni yake.

"Zimenezo muwafunse okha. Ine ndinganene zanga zokha."

Azakhali anapuma mwamphamvu ndi mphuno. Anayang'ana kuchitseko. Pakhonde paja amayi aja anali atasiya kucheza, ndipo zinali zodziwikiratu kuti makutu ali pathabwa. Kunja wina anayesa maikolofoni, kuigogoda ndi chala, n'kuitana kuti alendo ayambe kukhala pansi.

"Wadziwa liti?"

"Kalekale."

"Kalekale! Ine n'kumaimba mafoni ku Vava'u, n'kumagula nkhumba, n'kumauza abusa, iwe uli duu ngati mwala? Unkadikira kuti ndiyambe ndayankhula, anthu adzandiseke bwino?"

"Ndinkaopa."

"Lero mantha apita kuti?"

"Alipo, azakhali."

Misozi inali itayamba, koma sanathe kuipukuta chifukwa manja anali akadali m'mwamba. Palibe anamuuza kuti awatsitse. Azakhali anamuyang'ana nthawi yaitali, nsagwada zikuyenda ngati akutafuna kanthu. Chingwe sanachisiye, komanso sanachimange.

"Tsitsa manjawo, ukuoneka ngati wagwidwa ndi apolisi," anatero potsiriza, mawu ali okhakhala. "Anthu akhala kale pansi. Ine ndikatuluka muno ndiyenera kukanena kanthu, ndipo sindinayambe ndaimapo pamaso pa anthu n'kunena chinthu chimene sindikuchidziwa mutu wake. Wandigwetsera nyumba, chabwino. Ndiye uli ndi chiyani m'manja? Kapena ukufuna uzikhala pakhomo n'kumajambula maluwa?"

Fololeni anatsitsa manja. Anapukuta nkhope ndi kuseri kwa dzanja. Anaganiza zotulutsa foni kuti iwayankhulire, koma inali pansi pa mkeka, ndipo anadziwa kuti azakhali safuna kuwerenga. Ankafuna kumva.

Anakoka mpweya mpaka chingwe chinamuluma m'nthiti. Mawu atatuluka, anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira, moti anafika ndi pakhonde pomwe.

"Ndinapita ndekha ku yunivesite ya kumpoto, osauza munthu. Ndinajomba kusukulu, ndinakwera sitima. Anaona zojambula zanga ndipo andipatsa malo. Imeneyo ndi yovomerezeka. Ndi kutali, ndi zaka zambiri, ndizikagona komweko. Akufuna yankho Lolemba, ndipo sindinayankhe, chifukwa ndimafuna muyambe mwamva inu. Azakhali, ine ndikufuna kupita kumeneko. Ndikupempha mundilole."